Kaphokoso ka tcheke tcheke kaja kanandidyera ndalama ya lendi

Kanayamba mu June, m'mawa kukuzizira kuja kwa muno mu Harare koti ukatuluka panja cha m'ma 5 koloko mpweya umachita kuoneka ngati ukusuta fodya. Ndikatchaya kiki njinga imalira bwinobwino, koma pansi pa kulirako pamamveka kenakake, tcheke tcheke tcheke, ngati munthu akugwedeza machesi m'kabokosi, mwina masekondi asanu basi kenako zii. Ine nkumati aaa ndi kuzizira uku, ngakhale mawondo angawa amalira m'mawa nde chitsulo chilekerenji. Ndimavala helimeti nkumapita.

Kwa amene simundidziwa, kwathu ndi ku Ntcheu, ndinabwera kuno 2016 kutsatira amalume a ku Mufakose, ndipo chaka chachinayi chino ndikudyera njinga yamoto, anzathu achishona amati mudhudhudhu. Ndimapanga madilivale, mapaselo, mankhwala, zakudya, nthawi zina masipeya a magalimoto kuchoka kwa Kaguvi kupita ku Msasa kapena Southerton, masana uli ku Avondale madzulo akuitana ku Chitungwiza, tsiku labwino makilomita 100 amakwana osadziwa nkomwe. Njinga yanga ndi ka 150 wamba, dzina la kampani sinditchula chifukwa pankhani iyi iwo sanalakwe kanthu, wolakwa ndi amene akulemba panoyu ndi anthu ena awiri amene ndiwafotokoze kutsogoloku.

Nde July anadutsa, August anafika ndi mphepo yake ya fumbi ija, kaphokoso kaja kanasiya kuchita manyazi. Poyamba kamabwera injini ikazizira kokha, pano kanayamba kumveka ndikaima pa roboti, ndikangosiya mafuta potsetsereka kamabweranso, tchrrrr, ndikawonjezera moto nkubisala. Koma ine khutu limodzi limakhala ndi hedifoni muli Google Maps ndi makasitomala, linalo muli phokoso la makombi, maminibasi a kuno, nde ndimamva zomwe ndikufuna kumva. Tsiku lina pa roboti mu Samora Machel mnzanga wina wa madilivale, mwana wa ku Mulanje, anaima pambali panga nkutsegula galasi la helimeti, akuti aise njinga yakoyi yameza makobidi kapena? Ndinaseka koma mumtima munalowa kachinthu.

Woyamba kuyigwira anali mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu kufupi ndi kwathu. Sanamvetsere nkomwe, ndisanazimitse injini anali atanena kale kuti matapeti awa mukoma. Matapeti ndi tizitsulo tokankha mavalavu pamwamba pa injini. Anatsegula tizivindikiro, nkulowetsa fila geji, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata wake, nkumanga, madola atatu. Zoona matapeti anali atatayako pang'ono ndipo injini inafewa, koma tcheke tcheke anali pomwepo m'mawa mwake ngati ngongole. Apa sindimuda kwenikweni mnyamatayo, anakonza chomwe amadziwa.

Wachiwiriyo nde amene ndikamukumbukira mutu umatentha. Ameneyu anamva bwino ndithu, anati tenshona yafa iyi, kachipangizo kokungitsa tcheni cha mkati mwa injini, ndipo anandionetsa pomwe ili, kumbuyo kwa silinda pansi pa kabuleta, kachitsulo komangidwa ndi timabauti tiwiri. Akuti yatsopano ndi kutaya ndalama mudhara, ndikupangirani yachikhalire. Anachotsa yanga ija, anatenga chigoba cha tenshona ina yakufa, anachotsa zamkati zonse nkulowetsamo bauti yaitali ndi nati wake. Analiza injini nkumamanga bauti ija pang'onopang'ono, phokoso likuchepa, akumanga, likuchepa, mpaka zii. Kenako anawonjezeranso kamodzi akuti ka chitetezo. Abale ndinasangalala, ndinamupatsa madola asanu ndi ya drink pamwamba. Tenshona yanga yakale anafuna kuyiponya pa mulu wa zitsulo koma ndinaitenga nkuponya m'bokosi la madilivale, sindikudziwa chinandigwira nchani, mwina umphawi womwewu woti chilichonse umati chidzagwira ntchito tsiku lina.

Tcheke tcheke anatha, m'malo mwake munabwera kakulira kena kopyapyala, wiiiiii, kokwera limodzi ndi moto ngati udzudzu uli m'khutu. Ndinkati ndi mmene imalirira injini yathanzi kkkk. Masabata awiri ndikuyenda choncho.

Loweruka lina ndinati ndisinthe oilo, nthawi inali itapitirira kalekale. Ndinatchera chigubu chodula pansi, nkumasula, oilo anatuluka wakuda bii wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka. Nditatulutsa kasefa kaja kamakhala kuseri kwa chivindikiro chotulutsira oilo, kamene kamaoneka ngati kachipewa, ndinapeza kadzadza tizidutswa takuda, tina ngati nyenyeswa za makala tina totalikirapo ngati zikhadabo zowengedwa. Ndinatenga kamodzi nkukafinya ndi zala, sikachitsulo ayi, kolimba koma kopindika, pulasitiki. Ndipo oilo uja ndikamuyang'anitsa padzuwa amanyezimira tinthu ta siliva. Amalume anali pakhonde akumwa tiyi, anabwera nkuyang'ana m'chigubumo, sanalankhule zambiri, anangoti mphwanga, njinga iyi usayilizenso, Lolemba uyikweze pa lole upite nayo ku Magaba ukafunse madala aja a kwathu.

Amene munafikako ku Magaba, pa msika wa amisiri wa Siyaso ku Mbare, mukudziwa mmene kulili, phokoso la nyundo mbali zonse, wina akuwotcherera geti, wina akukhoma mbaula, wina akukukoka dzanja kuti ali ndi chilichonse chomwe ukufuna ngakhale sunanene. Madalawo ali ndi kashedi ka malata mkatikati, anabadwira konkuno, bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Federation m'ma 1950 kudzagwira ntchito kuno kukadali Salisbury. Chichewa chawo ndi chija chakale chokoma, chosakanikira ndi Chishona apa ndi apo, ndipo salankhula mothamanga. Nditawapatsa moni nkunena kuti ndine mphwawo wa aujeni a ku Mufakose anandiyang'ana kaye nkuti, wa ku Ntcheu iwe eti, ndamva kale pa moni. Ndinawapatsa tizidutswa tija nditakulunga pa pepala. Anatiyang'ana, anathira oilo watsopano pang'ono, akuti liza kamodzi kokha ndimve.

Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anaika pa injini, chigwiriro anakanikiza pa khutu. Anayamba pamwamba pa hedi, kenako pambali pa silinda mbali yomwe tcheni chimadutsa, kenako pansi. Masekondi khumi sanakwane anandikola ndi dzanja kuti zimitsa.

"Wamanga bauti iyi ndani?"

"Ndi mnyamata wina madala, anati tenshona inafa."

"Nanga iweyo mwana akamalira usiku umamutseka pakamwa ndi nsanza?"

Ndinangoti chete. Anthu awiri amene amadikira pa benchi anaseka.

Apa mpamene anandikhazika pansi nkundifotokozera, ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera chifukwa zaka zonsezi ndimayendetsa chinthu chomwe sindimachidziwa mkati. Tcheni chomwe tonse timachidziwa ndi chakunja chija chopita ku tayala, chomwe timathira oilo wakutha nkumakoka chikalendewera. Koma mkati mwa injini muli china chaching'ono, cha taiming'i. Pansi pali kilanki yomwe pisitoni imazungulitsa, pamwamba mu hedi muli kamu yomwe imatsegula ndi kutseka mavalavu, nde tcheni chimenechi ndi chomwe chimalumikiza ziwirizi. Sipuloketi yapamwamba ili ndi mano owirikiza kawiri yapansi, choncho kilanki ikazungulira kawiri kamu imazungulira kamodzi, ndipo ziyenera kugwirizana ndendende, dzino ndi dzino. Ukamathamanga mu Seke Road injini ikuzungulira ka 7000 pa mphindi, ndiye kuti kamu ikuzungulira ka 3500 pa mphindi imodzi, ndipo kanthu kakukoka zonsezo nkatcheni koonda kuposa chala chako chaching'ono.

Tcheni chothamanga choncho chikakhala cholendewera chimakwapula uku ndi uku, nchifukwa chake m'mbali mwake anaikamo magaidi awiri, timizere tokutidwa ndi pulasitiki yolimba kapena labala. Ina imangokhala chilili, inayo imayenda, ndipo kumbuyo kwa yoyendayo nkumene kuli tenshona. Ntchito ya tenshona ndi imodzi basi, kukankha gaidi kuti itsamire tcheni. Mkati mwake muli sipuling'i ndi kamtengo kachitsulo kotuluka, tcheni chikatayako pang'ono kamtengo kamatuluka pang'ono, ndipo kakatuluka sikabwereranso. Zina zili ndi timano ngati ta jeke, zina zili ndi sikuluwu yozungulira yokha ndi sipuling'i yokulunga ngati ya wotchi, za njinga zikuluzikulu zina zimakankhidwa ndi mphamvu ya oilo.

Atamaliza anati, yakale ija unataya? Ndinathamangira ku bokosi, ndinaipeza pansi pa malisiti ndi jekete la mvula. Anaipukuta, anayesa kukankha kamtengo kaja ndi chala chachikulu mwamphamvu, sikanabwerere olo pang'ono. Analowetsa kasikuludiraiva kakang'ono kumbuyo nkupotokola, kamtengo kanalowa mkati bwinobwino, atasiya kanatuluka kokha, thapu. Anabwerezanso kawiri. Kenako anandionetsa mzere wa oilo wouma pa kamtengoko, pomwe kanafika kali mu injini, kunsonga kwenikweni.

"Iyi siinafe mwana wanga. Inatuluka mpaka pomwe imathera, inalibenso poti ikankhe. Chatha ndi tcheni."

Mxii. Ndiye kuti madola asanu aja ndinalipira kuti munthu achotse chinthu chamoyo nkuikapo bauti yoti ikankhe kupitirira pomwe opanga injini anaika malire, nkuwonjezeranso ka chitetezo kaja. Kulira kwa wiiii kunali tcheni chikupala gaidi ngati mpeni pa chinangwa.

Ndisanamizire apa, tenshona zimafa ndithu. Madala anandionetsa zingapo m'chitini, ina timano tinadyeka nde ukakankha kamtengo kamabwerera mosavuta, ina sipuling'i inathyoka, ina inangouma ndi litsiro la oilo osatulukanso. Zoterozo ukasintha tenshona yokha phokoso limatha ndipo nkhani yathera pomwepo. Komanso tenshona yomanga ndi dzanja siyoipa payokha, njinga zambiri zakale zinali ndi zotero ndipo othamangitsa njinga ena amazikonda, koma imafuna munthu wodziwa poyimira, umamanga mpaka phokoso lingotha kumene nkubweza pang'ono, osati kumanga ngati ukumanga goli la ng'ombe. Ukamangitsa sikuti ukudya gaidi yokha, ukukokeranso kamu pansi nkumadya pomwe imagona mu hedi, ndipo hedi ndi ndalama ina yoti sindikufuna kuyiganiza.

Tinatsegula. Thanki pansi, kabuleta pambali, ekizozi, chivindikiro cha hedi. Asanamasule chilichonse cha tcheni anatsegula kabowo ka pa maginito nkuzungulitsa injini ndi sipanala mpaka chilembo cha T chinafika pa kamzere, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse otseka. Kenako anandiitana kuti ndione mzere wa pa sipuloketi ya kamu, umene umayenera kugona molingana ndi mlomo wa hedi. Wanga unali utapendekeka, osati kwambiri, koma ngakhale ine wosadziwa ndinaona. Akuti ukuona, kamu ikutsalira m'mbuyo, nchifukwa chake njinga yako imakoka mwaulesi pokwera ndipo mafuta imamwa ngati ili pa ukwati. Zoona ndinali nditayamba kudandaula za mafuta koma ndimanamizira a pa filing'i siteshoni.

Atachotsa bauti ya mnyamata uja anagwira tcheni pamwamba pa sipuloketi ndi zala ziwiri nkuchikweza, chinanyamuka mpaka mano a sipuloketi kuonekera pansi pake. Anthu timati tcheni chatalika ngati ndi labala, koma akuti chitsulocho sichikokeka ayi, chomwe chimadyeka ndi timapini ta m'mfundo iliyonse. Pini iliyonse ikadyeka kachidutswa kochepa ngati tsitsi, uwerenge mfundo zonse za tchenicho, basi chatalika. Ndipo chomwe chimadya timapinito ndi oilo wakuda, wodzadza mwaye ndi fumbi, amasanduka ngati phala lonolera mipeni.

Gaidi nde inali yomvetsa chisoni. Kuti ituluke yakutsogolo pamafunika kukweza hedi, ndipo kuti tcheni chituluke pa injini yangayi pamafunika kuchotsa maginito ndi chitsulo chake chokokera, nde inali ntchito ya tsiku lonse. Gaidi ya kumbali ya tenshona inali ndi ngalande ziwiri zozama mmene tcheni chimadutsa, pakati penipeni pulasitiki inatheratu nkutsala chitsulo chowala. Siliva uja ndimamuona mu oilo amachokera pamenepo. Madala anandipatsa kuti ndigwire, ndinayendetsa chala mu ngalandemo nkudzicheka, bala lake lilipobe.

Kenako linabwera funso lomwe ndimaliopa.

"Oilo umasintha liti?"

"Aaa madala, pakapezeka kangachepe."

"Ndati liti."

Ndinaulula kuti nthawi zina makilomita 5000 amakwana, ndipo akachepa ndimangowonjezera wa m'mabotolo a Mazoe uja amagulitsa m'mbali mwa msewu, wosadziwika kuti anachokera mu chiyani. Anagwedeza mutu. Akuti injini iyi imanyamula oilo lita imodzi yokha, yemweyo azizilitse injini, yemweyo asambitse kilatchi, yemweyo apite ku magiya, ndipo ilibe fyuluta ya pepala ngati galimoto, ili ndi kasefa kaja ndi kena kozungulira mkati basi. Iwe tsiku lonse uli ima nyamuka ima nyamuka mu tauni, madzulo uli m'fumbi la ku Epworth, nde ukufuna lita imodziyo ikhale miyezi iwiri? Lamulo lawo ndi loti kwa ife a madilivale tisapitirire 2000, oilo wa 20W-50 wa njinga wa m'botolo lomata, kasefa kutsuka nthawi iliyonse, ndi fyuluta ya mpweya kuyiyang'ana sabata iliyonse nyengo ya fumbi. Ndinawerengera mumtima kuti kwa ine ndiye kuti pafupifupi masabata atatu aliwonse, ndinamva kuwawa, koma ndinali nditagwira gaidi ija m'manja nde ndikanatsutsa chani.

Anandiuzanso nkhani ina yomwe ndinakaipezanso pa intaneti usiku wake. Kale a Honda ankagulitsa tinjinga ta 125 ta kamu yapamwamba m'maiko ngati athu ano, nkuona kuti anthu sasintha oilo ndipo ma hedi akutha msanga. Nde mu 1975 anatulutsa CG125, injini yomwe kamu ili pansi, imayendetsedwa ndi giya, mavalavu amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo. Mulibe tcheni cha taiming'i, mulibe gaidi, mulibe tenshona. Njinga zambiri za ku China zomwe zadzadza kuno ndi kumudzi zinakopera injini imeneyo. Madala akuti imeneyo anapangira anthu ngati iweyo. Koma zina zambiri zomwe timayendetsa, monga Bajaj Boxer 150, Yamaha YBR125, Suzuki GN125, ndi za kamu yapamwamba, tcheni chilimo. Kuzindikira nkosavuta, yang'anani kumbuyo kwa silinda, ngati pali kachitsulo kotulukira kunja ka timabauti tiwiri ndi kabauti kena pakati, imeneyo nde tenshona.

Kukagula masipeya ananditumiza ndi mdzukulu wawo, akuti ndekha andibera. Sitolo yoyamba anatipatsa seti yonse, tcheni, magaidi, tenshona, mu paketi yokongola yonyezimira, mtengo wake wochepa moti ndinayamba kale kutulutsa ndalama. Mnyamatayo anang'amba kapaketi ka tenshona mwini sitolo akuyang'ana, nkukankha kamtengo ndi chala, kanalowa fwaa ngati ukuboola nsima. Yatsopano, sinalowepo mu injini. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Tinapita kwina nkugula zodulirapo, tenshona ndinagulabe yatsopano ngakhale yakale inali yamoyo, madala anati sipuling'i yake yagwira ntchito zaka zitatu ipume, uyisunge ya pangozi.

Pomanga mpamene ndinaona kusiyana kwa makaniko ndi womasula mabauti. Tcheni chatsopano anachiviika kaye mu oilo. Pochilowetsa anachimangirira ndi kawaya kuti chisagwere pansi mu injini. T pa maginito, mzere wa sipuloketi molingana ndi hedi, ndipo ulendo uno unagona mowongoka ngati wajambulidwa ndi lula. Pa tenshona anandipatsa kuti ndimange ndekha iwo akuyang'ana. Ine ndinangoitenga mmene inalili, kamtengo kali kunja, nkuyamba kuyilowetsa kuti ndiyikanikize ndi mabauti. Anandimenya pa dzanja.

"Ukufuna ubwerenso mawa? Ibweze kaye."

Apa nde pomwe ambiri timaphera tcheni chatsopano tsiku loyamba. Tenshona ikakhala panja imakhala itatuluka yonse, ukaimanga choncho ikukankha gaidi ndi utali wake wonse, chimodzimodzi bauti ya mnyamata uja. Ya sikuluwu ngati yangayi umachotsa kabauti ka kumbuyo, kulowetsa kasikuludiraiva, kupotokola ngati ukumanga mpaka kamtengo kalowe konse, kugwira chomwecho uku ukumanga timabauti tiwiri tija, kenako nkusiya, umamva thapu mkati, ndiye kuti yakhazikika yokha pomwe ikufunika. Ya timano umayamba wachotsa bauti yakumbuyo ndi sipuling'i, kutukula kambedza, kubweza kamtengo, kumanga chigoba, sipuling'i nkumalizira. Timabauti take ndi tating'ono ndipo tikulowa mu aluminiyamu, ukatimanga ndi ukali mazinga amatha, dzanja limodzi pa sipanala yaifupi ndi lokwana. Gasiketi yatsopano, apo ayi uziyenda ndi oilo akuchucha kumbuyo kwa silinda. Ndipo tenshona ili panja injini siyizunguliridwa, olo kukhudza kiki, tcheni chimadumpha dzino uli pomwepo.

Atamanga sanalize. Anazungulitsa injini ndi sipanala kawiri kathunthu, pang'onopang'ono, akumvetsera m'manja ngati pali pogunda, nkubwereranso pa T kuonanso mzere uja. Ine ndinali nditatopa, njala, maoda akulowa pa foni ine ndikukana, ndinati madala tingoliza. Anatambasula dzanja pa shelefu nkunditsitsira chitini cha penti chodzadza mavalavu, onse opindika makosi ngati bowa wofota. Akuti aliyense mwa awa mwini wake ankafulumira. Tcheni chikadumpha mano angapo kapena kuduka, valavu imatseguka nthawi yomwe pisitoni ikukwera, zimakumana, ndipo pa liwiro limenelo valavu ndi imene imagonja, nthawi zina pisitoni nayo kubooka. Ambiri mwa mavalavu amenewo akuti ndi a anthu amene anamva tcheke tcheke miyezi ingapo nkumati tidzaona kumapeto kwa mwezi. Ndinakhala pansi nkudikira.

Pocheza podikirapo ndinati komatu ndi umphawi uwu madala, tikanakhala ndi njinga za azungu zija zimadutsa Lamlungu kulowera ku Borrowdale sitikanavutika chonchi. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti pita ukafunse a Harley-Davidson. Injini yawo ya Twin Cam 88 yomwe inatuluka 1999 ili ndi matcheni a kamu otsamiridwa ndi tinsapato tapulasitiki ta sipuling'i, ndipo eni njingazo amadziwa kuti tinsapato timeneto timafunika kutsegula nkumatiyang'ana, chifukwa tikadyeka zidutswa zimapita ku pampu ya oilo. Pofika 2007 kampaniyo inali itasintha nkuika zokankhidwa ndi oilo. Nde munthu wa njinga ya madola masauzande ambirimbiri naye amagwada pansi ndi tochi kuyang'ana kapulasitiki, ngati ine ndemwe. Zinanditonthoza pang'ono, sindikunama.

Cha m'ma 4 koloko anati tchaya. Kiki imodzi. Abale injini ija inalira mwa mtundu wina, phokoso la ekizozi lokha ndi katiki tiki kakang'ono ka matapeti komwe akuti nkabwino, matapeti osalankhula nkomwe ndi omangitsa ndipo amawotcha valavu. Anandipatsa sikuludiraiva ija kuti ndimvere ndekha. Pa hedi, tiki tiki tiki mofanana ngati wotchi. Pambali pa silinda, shhhh basi ngati mvula ya patali. Akuti usunge m'khutu zimenezi, matapeti amalira pamwamba ndipo amayenda ndi sitepe imodzi, tcheni chimalira pambali ndipo chilibe sitepe, chimangokhokhoza, chimabwera nkupita ukamasewera ndi moto.

Zonse pamodzi, masipeya, magasiketi, oilo kawiri chifukwa anati woyambayo ndimutaye pakatha makilomita 500 kuti atsuke zotsalira, lole yonyamula, ndi dzanja la madala, zinadya ndalama yomwe ndinasungira lendi ya September, osawerengera masiku awiri opanda oda. Alandilodi ndinachita kukawagwadira, mayi a kunyumba sanandilankhule bwino mpaka Lachinayi. Pano m'mawa ndimailiza njinga hedifoni ili m'thumba, ndimaisiya mphindi ziwiri oilo akwere kumwamba ndisanaipatse moto, ndipo makilomita a oilo ndimalemba ndi maka mkati mwa chivindikiro cha bokosi. Gaidi yodyeka ija ndinaipempha, ili pa windo.

Nde sabata yatha msuweni wanga amene amapanga kabaza ku Lilongwe, amaima cha ku Area 25, ananditumizira voisi pa WhatsApp, atamva kwa amalume kuti pano ndine dokotala wa matcheni. Akuti achimwene tamverani njinga yangayi, makaniko wandisinthira tenshona Lachiwiri ndalipira kale koma phokoso silinathe. Ndinamvera katatu, tiki tiki tiki, sitepe imodzi, pamwamba. Ndinati tajambula injiniyo kumbuyo kwa silinda unditumizire. Chithunzi chinabwera, silinda yosalala bwinobwino, palibe kachitsulo, palibe timabauti, pambali pake palembedwa CG. Ndinamuuza kuti mphwanga, njinga yakoyi ilibe tcheni cha taiming'i, ilibe tenshona, sinakhalepo nayo chiyipangireni, kamangitse matapeti.

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Panadutsa mphindi mwina khumi ali chete. Kenako voisi ya masekondi anayi, kumbuyo kukumveka mahutala a minibasi.

"Nde achimwene, chomwe anandionetsa m'manja chija anachichotsa pa njinga ya ndani?"